Kodi ndisiye saluni n'kumadzisamalira ndekha tsitsi kunyumba?

Funso: Ndine mayi wa zaka 34, ndimakhala ku Matawale ndipo ndimaphunzitsa pa sukulu ina ya pulayimale. Kwa zaka zoposa khumi ndakhala ndikuwongola tsitsi ndi mankhwala ku saluni, ndipo pakatipakati ndimalukitsa meshi. Ku saluni ndimapitako pafupifupi masabata awiri alionse. Masiku ano ndalama sizikukwana, komanso ndaona kuti tsitsi la m'mbali mwa chipumi likutha. Mnzanga akundiuza kuti ndizigula bokosi la mankhwala n'kumadzithira ndekha. Kodi ndisiye saluni? Nanga mwana wanga wamkazi wa zaka 6, amene amalira nthawi zonse ndikamamupesa, ndingamuthire mankhwala omwewo?

Yankho: Mayi, zikomo chifukwa chofunsa mosabisa. Ndagwira ntchito ya tsitsi kuno ku Zomba kwa zaka zoposa 20, ndipo saluni ndiyo imandidyetsa ine ndi ana anga. Ngakhale zili choncho, ndikuuzani kuti mbali yaikulu ya chisamaliro cha tsitsi ndi ntchito ya kunyumba, ndipo inuyo mungathe kuigwira bwino kuposa wina aliyense chifukwa mutuwo mumagona nawo ndi kudzuka nawo. Koma ntchito imene mnzanuyo akukulimbikitsani, yodzithira nokha mankhwala owongolera, ndiyo imene sindingakuvomerezeni. Ndisanafike pamenepo ndiyambe ndi tsitsi la m'mbali mwa chipumi, pakuti m'funso lanu lonse nkhani imeneyi ndiyo singadikire.

Tsitsi lililonse limamera kuchokera m'kathumba kakang'ono kamene kali mkati mwa khungu, ndipo kathumbako ndiko kali ndi moyo. Limene timaliona panjali ndi lakufa kale, monga ilili nsonga ya chikhadabo. Tsitsi la m'mbali mwa chipumi ndi la kunkhongo ndi lofooka kuposa la pakati pa mutu. Woluka akatenga titsitsi tochepa ta pamenepo n'kumangirirapo chingwe cha meshi chofika m'chiuno, kathumba kaja kamakokedwa usana ndi usiku kwa masabata ambiri. Poyamba khungu limafiira n'kutuluka tiziphuphu m'mizere, kenako tsitsi limazuka. Kukokako kukaleka msanga, tsitsi limameranso. Kukapitirira kwa zaka, timathumba tija timafa, pamalo pake pamatsala chipsera, ndipo zikafika apo palibe mafuta a m'botolo lililonse amene angameretsenso. Madokotala a khungu amalitcha vutoli traction alopecia. Pulofesa Nonhlanhla Khumalo wa ku yunivesite ya Cape Town ndi anzake atafufuza anthu a ku Langa mumzindawo, anafalitsa mu 2007 kuti amayi pafupifupi 32 mwa 100 alionse anali nalo, ndipo mwa atsikana a sukulu anali 17 mwa 100. Anapezanso kuti chiopsezo chimakula kwambiri pamene zoluka zaikidwa pa tsitsi lothiridwa mankhwala, ndipo izi ndi zimene mutu wanu wakhala ukusenza kwa zaka khumi.

Loweruka madzulo ndimakumana nawo amayi ongotuluka kumene mu saluni cha kumsika waukulu: nsidze zakwera m'mwamba, khosi lauma ngati asenza ndowa yodzaza, ndipo wina akawaitana amatembenuka thupi lonse. Usiku amamwa Panado n'kugona chafufumimba chifukwa nkhongo singakhudze pilo. Ife oluka timawalimbitsa mtima kuti pakatha masiku atatu zimasuka, ndi kuti zomangidwa molimba ndizo zimakhalitsa. Zimamasukadi, koma kawirikawiri chimene chamasuka ndi tsitsi limene lazuka m'munsimo. Kuluka kwabwino sikupweteka pochita, sikupwetekanso usiku wake. Mukamva kukoka, nenani nthawi yomweyo mzere woyamba usanathe, musadikire kuti mutu wonse ulukidwe.

Imani pagalasi masana pamalo owala, mubweze tsitsi m'mbuyo, muyang'anitsitse pamene patha. Ngati mukuona titsitsi tofewa ngati ubweya, ndipo timabowo ta khungu tikuonekabe, chiyembekezo chilipo chachikulu. Ngati khungu lasalala n'kumanyezimira ngati la pachipumi, nkhaniyo yadutsa msinkhu wa saluni, ndipo ndibwereranso kwa iyo kumapeto. Mulimonsemo, ngati muli ndi meshi kumutu, masulani sabata ino. Kwa miyezi 3 kapena 4 musalukitse chilichonse cholemera, musamange tsitsi mothina kumbuyo, ndipo musalole duku kapena lamba wa wigi kukhala pa mzere womwewo tsiku lonse. Siyaninso kabulashi ndi jelo wogonetsera titsitsi ta kutsogolo, chifukwa kukhula pamalo odwala m'mawa uliwonse n'kuwonjezera bala.

Tsopano za mankhwala a m'bokosi. Tsitsi linapangidwa ndi chinthu cholimba chotchedwa keratin, ndipo kupotana kwa tsitsi lathu kumagwiridwa ndi timfundo tolimba tamkati mwa keratin imeneyi. Ntchito ya mankhwala owongolera, amene mu saluni timangoti rilakisa, ndi kudula timfundoto kuti tsitsi ligone. Ena ali ndi sodium hydroxide, mankhwala omwe aja opangira sopo ndi otsegulira mapaipi otsekeka. Ena olembedwa kuti no-lye, kutanthauza kuti alibe sodium hydroxide, amasakaniza calcium hydroxide ndi guanidine carbonate, ndipo anthu amawayesa ofatsa chifukwa sawotcha khungu msanga, komabe amaumitsa tsitsi kwambiri ndipo nawonso amawotcha akakhalitsa. Pa muyeso wa pH, umene umaonetsa ukali wa zinthu, khungu la kumutu lili cha pa 5.5, pamene mankhwalawa amakhala cha pa 12 kapena kuposa. Timfundo tikaduka sitilumikizananso monga kale, choncho tsitsi lowongoledwa ndi tsitsi lofooketsedwa kufikira tsiku limene lidzadulidwe.

Apa ndiye pagona vuto la ritachi, kapena kuti kuthiranso mankhwala pa tsitsi lomera kumene. Tsitsi limakula pafupifupi sentimita imodzi pa mwezi, ndipo lathuli nthawi zambiri silifika n'komwe pamenepo. Pakatha masabata 8, amene ndiwo ochepetsetsa oyenera kudikira, lomera kumene limakhala losapitirira masentimita awiri. Mankhwala ayenera kugwera pa kagawo kameneka kokha, osakhudza khungu m'munsi, osafikanso pa tsitsi lakale m'mwamba, chifukwa tsitsi lothiridwa kawiri limaduka ngati ulusi wovunda. Ntchito yonseyi iyenera kutha m'mphindi zimene zalembedwa pabokosi, zimene kawirikawiri sizipitirira 20. Palibe munthu amene amaona kunkhongo kwake kapena paliwombo pake, ndipo ngakhale mutaika magalasi awiri, manja ali m'magolovesi oterera sangayeze masentimita awiri kumbuyo kwa mutu. Wodzithira yekha amayambanso kutsogolo chifukwa ndi kumene akuona, motero tsitsi lofooka kwambiri, lomwe likukutheranilo, ndilo limakhala ndi mankhwala nthawi yaitali, pamene linayenera kukhala lomaliza kapena kusiyidwa kumene. Pomaliza pamafunika kutsuka ndi madzi ambiri ndi shampu yothetsa mphamvu ya mankhwalawo kangapo konse, ndipo malo amene amatsalira mankhwala ndi omwe aja osaoneka: kuseri kwa makutu ndi kunkhongo.

Chaka china kunabwera mtsikana wa ku yunivesite wokhala ku Chikanda, atavala chipewa cha wulu mwezi wa Okutobala dzuwa lili pamutu. Atavula, tsitsi la kunkhongo linali litamatirira pakhungu ndi madzi otuluka m'mabala, nkhanambo zili mbali zonse, ndipo paliwombo tsitsi linali litaduka n'kutsala lalifupi ngati chikhadabo. Mankhwalawo anagula otapidwa m'chidebe chachikulu n'kuikidwa m'kabotolo kopanda dzina kapena tsiku lothera mphamvu, ndipo pamene anayamba kumva moto mnzake wa m'chipinda anamuuza kuti kuwotchako ndiye kugwira ntchito kwa mankhwala. Ndinamutumiza kaye kuchipatala kuti mabala apole, ndipo atabweranso tinameta lonse. Analira mwakachetechete nthawi yonse imene makina ankayenda. Ndalama zimene anapulumutsa zinali zochepa kuposa zimene anagulira wigi yobisira mutuwo.

Izi sizikutanthauza kuti khomo lililonse lolembedwa kuti saluni ndi lotetezeka. Ambiri a ife tinaphunzira ntchitoyi poonerera anzathu, ndipo zolakwa tinatengera pamodzi ndi luso. Choncho mukakhala pampando paja mutuwo ukadali wanu, ndipo muli ndi ufulu wofunsa. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Wodziwa ntchito amayamba wagawa tsitsi ndi zala n'kuona khungu, amafunsa kuti munathira liti komaliza ndiponso ngati mwakanda kapena kutsuka m'masiku apitawa, ndipo akapeza bala amakubwezani ngakhale ndalamazo akuzifuna. Amakuonetsani chidebe chimene akutapamo ndi tsiku lake lothera mphamvu. Amapaka Vaseline m'mphepete monse ndi pamakutu, amayang'ana wotchi, ndipo sakusiyani ndi mankhwala kumutu n'kupita kukamaliza kuluka wina. Mukanena kuti kukuwotcha amathamangira nanu kubeseni, sakuuzani kuti pirirani pang'ono. Savomera kuthira mankhwala ndi kuluka meshi tsiku limodzi, pakuti pamafunika kudutsa masabata osachepera awiri. Muyang'anenso zipeso ngati zatsukidwa, ndi thaulo ngati ndi louma kapena langochoka pakhosi pa munthu wina. Ngati mukukayika, kunyamula chipeso ndi thaulo lanu si chipongwe, ndipo woluka wanzeru sangakhumudwe nazo.

Nkhani ya madzi ndinaiphunzira mowawa. Ndili watsopano pantchito, tsiku lina ndinathira mayi wina mankhwala, ndipo nthawi yotsuka itakwana ndinatsegula mpopi n'kumva mpweya wokha ukutuluka. Tinathamanga ndi ndowa kwa oyandikana nawo, koma mphindi zimene zinatayikazo zinawasiyira mayiwo mabala awiri kuseri kwa makutu, ndipo nkhope yawo sindinaiiwale mpaka lero. Kuyambira tsiku limenelo sinditsegula chidebe cha mankhwala ndisanaone ndowa ziwiri zodzaza pambali panga. Inunso muzifunsa kuti madzi osunga ali pati mankhwala asanakukhudzeni. Mu saluni tinalipo atatu othamanga, ndiye taganizani zikanakhala kuti mayiwo ali okha m'bafa kunyumba.

Palinso china chimene muyenera kuchidziwa. Mu Okutobala 2022 ofufuza a National Institutes of Health, bungwe la boma lofufuza za umoyo ku America, anatulutsa zotsatira za kafukufuku wotchedwa Sister Study, amene anatsatira amayi oposa 33,000 kwa zaka pafupifupi 11. Kwa amayi amene ankagwiritsa ntchito mankhwala owongolera koposa kanayi pa chaka, chiopsezo chodwala khansa ya m'chiberekero pofika zaka 70 chinali pafupifupi 4 mwa 100, pamene kwa osagwiritsa ntchito chinali pafupifupi 1.6 mwa 100. Kafukufukuyu anaonetsa kuti zinthu ziwirizi zimayendera limodzi, sanatsimikize kuti china chimayambitsa chinzake, ndipo khansa imeneyi ndi yosiyana ndi ya khomo la chiberekero imene timayezetsa m'zipatala zathu. Sindikunena izi kuti muchite mantha ndi zaka zimene zapita. Ndikunena chifukwa bokosi likakhala m'nyumba munthu amathira pafupipafupi, akangoona kuti mizu yayamba kulimba, ndipo amathira ngakhale pakhungu pali mabala. Maganizo anga pa inu ndi akuti mupumule kaye ku mankhwalawa, kunyumba ndi ku saluni komwe, kufikira tsitsi la m'mbali litabwerera. Mukadzafuna kuyambiranso, adzakuthireni munthu wodziwa, katatu kapena kanayi pa chaka basi.

Kupumulako kuli ndi mavuto ake, ndipo ndi bwino muwadziwiretu. Pakatha miyezi iwiri kapena itatu mudzakhala ndi mitundu iwiri ya tsitsi pamutu umodzi, lopotana kumizu ndi lowongoka kunsonga, ndipo pamene awiriwa akumana ndi pamene pamaduka. Amayi ambiri amagonja pa nthawi imeneyi n'kubwerera ku mankhwala. Njira zilipo ziwiri. Mungamadule nsonga pang'onopang'ono mwezi ndi mwezi uku mukuluka mizere ikuluikulu ya tsitsi lanu lokha, kapena mungamete kamodzi n'kuyamba pamodzi ndi lomera kumene. Kwa mphunzitsi amene amanyamuka m'mamawa, ine ndimakonda njira yachiwiriyi, chifukwa tsitsi lalifupi lodulidwa bwino ndi laulemu pamaso pa ana ndi makolo, ndipo limapatsa m'mbali mwa chipumi mpumulo weniweni.

Ntchito imene ndi yanu kunyumba imayamba ndi kutsuka, kamodzi pa sabata kapena pa masiku 10. Kutsuka ndi kumene amayi ambiri amalipirira ku saluni popanda chifukwa. Ngati tsitsi ndi lalitali, ligaweni panayi n'kupota gawo lililonse kuti lisakolane. Madzi akhale ofunda, osati otentha. Shampu ndi ya khungu, choncho tikitani ndi nsonga za zala, osati ndi zikhadabo, ndipo thovu lotsika ndi lokwanira kuyeretsa tsitsi lenilenilo. Sopo wamtanda ndi sopo waufa wochapira zovala musamuike kumutu, chifukwa amatsegula timamba ta tsitsi n'kulisiya lokhakhala ngati udzu wouma, ndipo akakumana ndi madzi amchere, monga a m'mijigo ina ya cha ku Chilwa, amasiya zoyera zomatirira. Ngati ndalama zikungokwana chinthu chimodzi chabwino, gulani shampu yotsika mtengo koma kondishina wabwino, pakuti kondishinayo ndiye amatereretsa tsitsi pa nthawi yoopsa kwambiri, imene ndi nthawi yopesa. Pesani tsitsi lili lonyowa ndi kondishina, muyambe ndi zala, kenako chipeso cha mano otalikirana, kuyambira kunsonga kupita kumizu pang'onopang'ono. Tsitsi lambiri limene amayi amanena kuti silikukula limakula ndithu, koma limathera pachipeso m'mawa uliwonse pamene akulikoka lili louma akuthamangira minibasi. Mukatsuka musalikhule ndi thaulo. Lifinyeni ndi malaya akale a thonje.

Musadabwe mukaona tsitsi m'chipeso, chifukwa munthu wathanzi amataya tsitsi 50 mpaka 100 pa tsiku, ndipo amene wamasula zoluka za masabata 6 amaona lonselo pa kamodzi. Tolani pang'ono muike pa pepala loyera. Lalitali lokhala ndi kamutu koyera kumapeto ndi lothothoka lokha nthawi yake itakwana. Tizidutswa tifupitifupi topanda kamutu ndi tsitsi loduka, ndipo limenelo likukuuzani kuti pali chimene mukuchita molakwika.

Chinthu chachiwiri ndi chinyezi, ndipo apa ambiri tinaphunzitsidwa mobwerera. Mafuta sanyowetsa tsitsi. Chimene chimanyowetsa ndi madzi, ndipo ntchito ya mafuta ndi kutsekera madziwo kuti asathawe msanga. Khalani ndi kabotolo kopopera kokhala ndi madzi oyera ndi kondishina pang'ono, muzisakaniza zochepa zongokwana masiku atatu kuti zisawonongeke. Poperani kawiri kapena katatu pa sabata, kenako mupake mafuta ochepa m'manja n'kusisita makamaka kunsonga. Mafuta a nsatsi amene agogo athu ankadzola ndi abwino pa ntchito yotsekerayi, a kokonati nawonso, ngakhale Vaseline yemweyu akakhala wochepa. Koma kuunjika mafuta pakhungu la kumutu kulibe phindu, ndipo kwa amene ali ndi mfundu kumawonjezera vuto, chifukwa kafangasi koyambitsa mfundu kamadya mafuta. Mfundu wosamva amafuna shampu ya ketoconazole ya ku famase, yosiyidwa kumutu mphindi 5 musanatsukuluze, kawiri pa sabata kwa mwezi umodzi. Mapeyala, amene kuno sasowa nyengo yake ikafika, amafewetsa tsitsi mukawasinja bwino n'kusefa, koma sameretsa. Chimene chimafika kumizu ndi chimene mwadya, ndipo usipa, matemba, nyemba, mazira ndi bonongwe zimachita zambiri kuposa botolo lodula.

Nyengo ya Zomba nayo muziiwerengera. Mu Juni ndi Julaye, pamene chiperoni chakuta phiri ndipo zovala zimatha masiku awiri pachingwe, tsitsi lolukidwa silichedwa kununkha chinyezi likatsukidwa usiku, choncho tsukani Loweruka m'mawa kuti liume ndi dzuwa la masana. Mu Seputembala ndi Okutobala mdani ndi fumbi ndi kuuma, ndipo kwa inu pali fumbi lina la choko limene limagwera kumutu tsiku lonse mukamalemba pabolodi. Tsitsi lodzaza mafuta limagwira fumbi lonselo n'kusanduka phala, ndiye m'miyezi imeneyi chepetsani mafuta, onjezerani madzi. Pogona mangani mpango woterera wa satini, umene pa kaunjika supita ndalama zambiri, chifukwa chitenje cha thonje chimamwa chinyezi ndi kukhula tsitsi usiku wonse. Mfundo ya mpangowo ikhale pamwamba kapena pambali, osati pa mzere wodwala uja. Mukafuna kuti tsitsi litambasuke popanda draya, bwererani ku luso la amayi athu lomanga ndi ulusi. Gawani tsitsi lili lonyowa pang'ono, kulungani ulusi kuyambira pafupi ndi mizu mpaka kunsonga mosathinitsa m'munsi, ndipo mukamasula mawa lake mudzalipeza lotambasuka, popanda moto, popanda kudikira magetsi.

Za ndalama simukunama. Kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndiponso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo popeza katundu wambiri wa mu saluni amachokera kunja, mitengo yathu inakwera pamene malipiro a makasitomala athu sanakwere mofanana. Koma tawerengani. Kupita masabata awiri alionse ndi maulendo 26 pa chaka, ndipo ambiri mwa iwo ndi ongotsukitsa ndi kuumitsa. Mukatenga ntchito imeneyo kunyumba, ku saluni kumatsala maulendo 4 kapena 5: kudula nsonga zogawanika pakatha miyezi 3 kapena 4, kukonzekera ukwati kapena chinkhoswe, ndi kuthira utoto ngati imvi zidzayamba kukuvutani, pokumbukira kuti utoto wakuda umayamba wayesedwa kuseri kwa khutu n'kudikira maola 48 chifukwa ena umawatupitsa nkhope. Pa maulendo ochepawo mungathe kulipira munthu waluso m'malo mofunafuna wotchipa. Mizere ya masiku onse angakulukeni mchemwali wanu kapena mnansi pakhonde, inu n'kudzamuluka iye sabata yotsatira, monga tinkachitira tisanadziwe saluni. Chala chimodzi sichiswa nsabwe, ndipo mnansi ndi wosavuta kumuuza kuti wakoka kwambiri kusiyana ndi munthu amene akuthamangira kasitomala wina. Zoluka zilizonse zisapitirire masabata 6, zikachuluka 8, ndipo pakati pake tsitsi lizipuma sabata imodzi kapena awiri.

Mwanayo musamuthire mankhwala, ngakhale bokosi litajambulidwa kamtsikana komwetulira n'kulembedwa kuti ndi la ana. Mankhwala a m'mabokosi amenewo ndi a mtundu womwewo, khungu la mwana ndi lanthete, ndipo mwana wa zaka 6 sadziwa kusiyanitsa kuyabwa ndi kupsa kufikira bala litachitika. Komanso mukangoyamba mwamulowetsa m'goli la ritachi kwa zaka zonse za ubwana wake. Tsitsi lake si lolimba mopitirira. Amalira chifukwa likupesedwa lili louma. Mukhazikeni pampando wamfupi pakati pa miyendo yanu Loweruka atasamba, mupopere madzi, mupake kondishina, mutenge kagawo kakang'ono n'kukagwira ndi dzanja lamanzere pafupi ndi mizu kuti kukoka kusafike pakhungu, ndipo ndi dzanja lamanja mumasule kuyambira kunsonga. Mukamaliza kagawo kalukeni nthawi yomweyo, musakasiye kuti kakolanenso. Zoluka zikuluzikulu 6 kapena 8 zimatha sabata yathunthu popanda chipeso. Meshi, mikanda yolemera ndi timalabala tothina zisafike pamutu pake, pakuti atsikana 17 mwa 100 aja a ku Cape Town anayamba kutaya tsitsi akadali pasukulu. Muzisamalanso mawu amene mumayankhula popesa, chifukwa mwana amene amamva sabata iliyonse kuti tsitsi lake ndi lovuta amakula akudana nalo.

Ngati sukulu yake imafuna ometa, nkhani imasanduka ya makina. Zipere za kumutu zimafala kwambiri pakati pa ana kudzera m'makina ometera, zipeso ndi zipewa zobwerekana, ndipo inu monga mphunzitsi mwaziona zigamba zotuwa zozungulira zija m'kalasi mwanu. Wometa azichotsa tsitsi m'mano a makina ndi bulashi n'kupukuta ndi sipiliti inu mukuona, ndipo lezala akhale watsopano wotsegulidwa pamaso panu, chifukwa lezala wogawana angathe kufalitsa matenda a chiwindi a hepatitis B. Chipere cha kumutu sichimva mankhwala opaka okha, popeza fangasi amakhala mkati mwa tsitsi lenilenilo. Chimafuna mankhwala akumwa monga griseofulvin kwa masabata 6 mpaka 8, olembedwa kuchipatala molingana ndi kulemera kwa mwana.

Ndibwerere ku chipumi chanu. Lero lomwe jambulani mbali zonse ziwiri ndi foni, pamalo owala, ndipo muzijambulanso pa tsiku lomwelo mwezi uliwonse mutaima pamalo omwewo, chifukwa maso oona pagalasi tsiku ndi tsiku sazindikira kusintha kwapang'ono. Ngati pakutha miyezi 4 mutasiya meshi ndi mankhwala zithunzi sizikuonetsa titsitsi tatsopano, pitani ku chipatala chachikulu cha Zomba mukapemphe kuonana ndi oona za khungu. Musadikire miyezi imeneyo ngati khungu ndi losalala kale, ngati pali mafinya kapena kupweteka, ngati paliwombo payamba kuyera mozungulira n'kumakula, kapena ngati tsitsi likuthothoka mutu wonse uku mukumva kufooka ndi chizungulire, pakuti pamenepo pafunika kuyeza magazi ndi chithokomiro. Dokotala angakulembereni minoxidil wopaka, amene amathandiza pamene timathumba tikadali ndi moyo, koma mumuuze ngati muli oyembekezera kapena mukuyamwitsa. Popita mupite tsitsi lili lomasula, mutenge zithunzi zija, ndipo mulembe papepala mayina a mankhwala onse amene akhala akuthiridwa kumutu kwanu ndi tsiku limene munathira komaliza.